Mphindi ziwiri za Unitas ndi Berry pa Yankee Stadium

Pa 28 Disembala 1958, kunja kukuda mumzinda wa New York ndipo magetsi a pa Yankee Stadium ali ngwee, Baltimore Colts inagonjetsa New York Giants ndi mapointi 23 kwa 17 n'kutenga ukatswiri wa ligi ya NFL. Mpaka lero okonda mpira wa ku America amati amenewa ndiwo masewero opambana onse amene anaseweredwapo. Inenso ndimavomereza, koma osati chifukwa choti anayenda mwamyaa. Matimu awiriwa analanditsana mpira maulendo 6 chifukwa chongoupulumutsa m'manja, womenya mpira wa Colts anaphonya, ndipo nthawi ina Colts inafika pakhomo penipeni pa chigoli n'kubwerako chimanjamanja. Munthu atangoonera zigawo zitatu zoyambirira akhoza kudabwa kuti kutchuka konseku kunachokera pati.

Kunachokera kumapeto. Ndipo chimene chimandigwira mtima n'chakuti mapetowo sanabadwe tsiku lomwelo. Anaumbidwa pang'onopang'ono, madzulo ambirimbiri anzawo atapita kale kukasamba, ndi anyamata awiri amene akuluakulu a mpira sankawawerengera: Johnny Unitas woponya ndi Raymond Berry wowakha. Ligi imene lero ili ndi chuma kuposa ligi ina iliyonse ya masewero padziko lapansi inakwera pamsana pa ntchito yobisika ya awiriwa.

Kwa amene sanauzolowere mpirawu, zofunika n'zochepa. Bwalo n'lotalika mayadi 100 kuchokera pamzere wa chigoli china kufika pa chinzake, ndipo yadi imodzi imachepera pang'ono pa mita. Mbali iliyonse kumakhala osewera 11. Timu imene ili ndi mpira imaloledwa kuyesa kanayi kuti isunthe mayadi 10, kaya pothamanga nawo kaya pouponya kutsogolo. Ikakwanitsa, imayambanso kuwerenga. Ikaona kuti ulendo wachinayi wafika mayadi asanakwane, nthawi zambiri imaumenyera mpirawo kutali ndi phazi kuti adani akayambire kumbuyo. Kulowa nawo mpira kuseri kwa mzere wa adani ndi touchdown, mapointi 6, kuwonjezerapo imodzi ya kumenya kotsatira. Kuumenya ndi phazi n'kudutsa pakati pa mizati ndi field goal, mapointi 3. Masewero ndi a mphindi 60, zigawo zinayi, ndipo wotchi imaima mpira woponyedwa ukagwa pansi kapena wosewera akatuluka nawo m'mbali mwa bwalo. Za wotchizi muzisunge, zibweranso.

Mu 1958 NFL inali ya matimu 12 okha. Masewero a fuko la America anali baseball, ndipo mpira umene unkapatsidwa ulemu unali wa m'makoleji. Ngakhale bwalo limene ankasewererapo tsikulo linali la timu ya baseball, a Giants ankangobwereka. Osewera ambiri ligi ikatseka ankafuna ntchito zina kuti banja lidye. Unitas mwiniyo anagwirapo pakampani ya zitsulo ya Bethlehem Steel ku Baltimore. Tsiku la masewerowo m'bwalo munali anthu 64,185, ndipo mipando ina inalibe anthu. Nyuzipepala za ku New York zinali pasitiraka mwezi umenewo.

Giants ndiyo inali timu ya mbiri. Inali itatenga ukatswiri mu 1956, inali ndi Frank Gifford, mnyamata wa ku California amene otsatsa malonda ankamulimbirana, komanso Sam Huff, linebacker (wotchinga woima kumbuyo kwa mzere woyamba wa anzake) amene ankasaka aliyense wogwira mpira. Mphunzitsi wamkulu anali Jim Lee Howell, koma nzeru zenizeni zinali mwa omuthandiza awiri: Vince Lombardi wa mbali yogoletsa ndi Tom Landry wa mbali yotchinga. Maina awiriwa ndi amene anadzalamulira mpirawu zaka zotsatira, wina ku Green Bay, wina ku Dallas. Kuti ifike pandime yotsiriza, Giants inayenera kugonjetsa Cleveland Browns kawiri motsatizana: koyamba 13 kwa 10 ndi field goal ya Pat Summerall ya mayadi 49 chipale chofewa chikugwa, kenako 10 kwa 0, pomwe Jim Brown, katswiri wa Browns pothamanga ndi mpira, anangoyenda mayadi 8 masewero onse. Inafika yotopa koma yodzidalira. Colts inali itapumula.

Masewero asanayambe, mphunzitsi wa Colts, Weeb Ewbank, sanakuwe. Anatenga kapepala n'kuyamba kutchula osewera ake mmodzimmodzi, aliyense kumukumbutsa timu imene inamutaya. Gene Lipscomb, chimphona chija ankachitcha Big Daddy, anachita kumutola a Los Angeles Rams atamusiya. Ena anachotsedwa ku Cleveland. Ndipo Unitas anakumbutsidwa za kwawo ku Pittsburgh.

Mbiri ya Unitas ndi ya mwana wamasiye wa m'tauni ya mafakitale. Bambo ake ankagulitsa malasha, ndipo anamwalira iye ali wamng'ono; mayi ake analera ana okha, akugwira ntchito mpaka usiku. Sukulu zotchuka pa mpira zinamuona wowonda kwambiri, choncho anakasewera ku Louisville. Mu 1955 a Pittsburgh Steelers anamusankha m'ndime yachisanu ndi chinayi ya chisankho cha osewera atsopano, n'kumuchotsa ligi isanayambe, osamupatsako ngakhale mpata woonetsa dzanja lake pa masewero okonzekera. Anabwerera kukagwira ntchito ya zomangamanga, ndipo kumapeto a sabata ankasewerera katimu kam'dera ka Bloomfield Rams, pabwalo la fumbi ndi miyala, akulandira madola 6 pa masewero. Colts inamuitana mu 1956 kuti akhale wapabenchi wa George Shaw. Shaw atavulala pokumana ndi Chicago Bears, Unitas analowa, ndipo mpira wake woyamba pa masewerowo unalandidwa m'mwamba n'kukhala touchdown ya adani. Colts inakwapulidwa 58 kwa 27. Patangotha chaka chimodzi, munthu yemweyo ndi amene ankatsogola ligi yonse pa mayadi oponya.

Berry naye sanali wopatsa chiyembekezo. Anachokera ku Paris, katauni ka ku Texas, kumene bambo ake ankaphunzitsa mpira kusekondale. Maso ake anali ofooka, msana unali ndi vuto lomwe linkapangitsa mwendo wina kukhala ngati waufupi, ndipo liwiro lake linali la wamba. Pa yunivesite ya SMU anangowakha mipira 33 zaka zake zonse. Colts inamusankha m'ndime ya 20 mu 1954, ndipo chaka chake choyamba anawakha 13 yokha, moti ankayembekezera kuchotsedwa tsiku lililonse. Chimene anali nacho ndi khama losatopa. Ankaonera mafilimu a masewero payekha kunyumba nthawi imene osewera ambiri sankaganizako n'komwe, akulemba m'kope momwe wotchinga aliyense amapondera phazi, mbali imene amatembenukira, chimene chimamunamiza. Anawerengetsa njira 88 zomuzembera munthu, ndipo ankaziyeserera sabata iliyonse. Ankapempha anzake kuti azimuponyera mipira yoipa mwadala, yotsika, yakumbuyo, yopitirira mutu, kuti manja azolowere.

Awiriwa atakumana mu 1956, aliyense anapeza mwa mnzake chimene ankasowa. Berry ankafuna munthu wosatopa kuponya, Unitas ankafuna munthu amene angapezeke pamalo enieni pa sekondi yeniyeni. Akaweruka kokonzekera ankatsalira pabwalo, kubwereza njira imodzi mpaka Unitas azitha kutulutsa mpira Berry asanatembenuke n'komwe. Ankakambirananso zinthu zimene mwina sizidzachitika: nanga adani akadzaima chonchi, tidzatani? Mmodzi mwa mafunso amenewo ndi amene anadzapulumutsa Baltimore.

Tisaiwale kuti kumayambiriro a Novembala 1958 Unitas anathyoka nthiti zitatu n'kubooka phapo pokumana ndi Green Bay. Anaphonya masewero awiri, amodzi mwa iwo ndi amene Giants inapambana 24 kwa 21. Pa Yankee Stadium anasewera pasanathe miyezi iwiri chivulalire.

Chigawo choyamba chinali chosokonekera. Huff anagwetsa Unitas mpira n'kupulumuka, Giants inaubweza mwa njira yomweyo, Unitas analanditsa wina m'mwamba, ndipo Lenny Moore atawakha mpira wa mayadi 60, Colts sinapindule kanthu chifukwa Huff anatchinga field goal ya Steve Myhra. Summerall ndiye anatsegula, 3 kwa 0. M'chigawo chachiwiri Gifford anapulumutsa mpira kawiri, ndipo kawiri konse Colts inamulanga: Alan Ameche analowa pothamanga mayadi awiri, Berry anawakha touchdown ya mayadi 15. Popita kokapuma zinali 14 kwa 3.

M'chigawo chachitatu Colts ikanatha kutseka nkhani. Inafika mkati mwa mayadi atatu a chigoli, n'kuyesa kanayi osalowa. Pa ulendo wachinayi Ameche anagwetsedwa ndi Cliff Livingston kumbuyo pa mayadi asanu. Bwalo lonse linadzuka. Posakhalitsa Charlie Conerly wa Giants, quarterback (woponya mpira, udindo womwenso Unitas anali nawo ku Colts) wa zaka 37, msilikali wakale wa nkhondo ya ku Pacific, anaponyera Kyle Rote mpira wautali. Rote anathamanga, anagwidwa, mpira unapulumuka, ndipo Alex Webster amene ankabwera pambuyo anautola n'kukagwetsedwa pa yadi imodzi. Mayadi 86 pa ulendo umodzi. Mel Triplett analowa, ndipo kumayambiriro a chigawo chachinayi Conerly anapeza Gifford kwa touchdown ya mayadi 15. Giants 17, Colts 14.

Kutatsala mphindi zosakwana zitatu, Giants inali ndi mpira pa mayadi 40 a mbali yake, ulendo wachitatu, ikufuna mayadi anayi. Ikawapeza, ingodya nthawi mpaka wotchi ithe. Gifford anatenga mpira n'kukhotera kumanja, ndipo Gino Marchetti, kaputeni wa Colts, anamukumbatira. Lipscomb anagwera pamwamba pa mulu wa anthuwo, mwendo wa Marchetti n'kuthyoka cha m'kakolo. M'chipwirikiti chimenecho woyimbira anaika mpira pansi, anayeza, ndipo panaperewera pang'ono chabe. Gifford anakhala zaka zambiri akunena kuti anadutsa, kuti mpira unaikidwa malo olakwika chifukwa maso a onse anali pa munthu wovulalayo. A Colts ankati sanafike. Howell anasankha kuumenyera kutali, ndipo Don Chandler anaukankhira mpaka pa mayadi 14 a Colts. Marchetti, amene ali mnyamata anamenya nawo nkhondo ku Ulaya, anakana kutuluka m'bwalo. Anawauza onyamula machira kuti amutsitse kuseri kwa mzere aonere.

Wotchi inkasonyeza mphindi imodzi ndi masekondi 56. Kutsogolo kunali mayadi 86. Masiku amenewo quarterback ankasankha yekha chochita, panalibe mawu a mphunzitsi olowa m'chisoti monga zilili lero, choncho zonse zimene zinatsatira zinachokera m'mutu mwa mnyamata wa zaka 25. Mipira iwiri yoyamba inagwa pansi. Pa ulendo wachitatu anapeza Moore kwa mayadi 11. Wina unagwanso pansi. Ndiye panafika chinthu chija.

Landry ankadziwa kuti timu yosowa nthawi imaponyera m'mbali kuti wowakha atuluke wotchi iime, ndipo ankadziwa kuti Berry ndiye katswiri wa njira imeneyo. Choncho linebacker Harland Svare anachoka pamalo pake a nthawi zonse n'kukaima maso ndi maso ndi Berry. M'mafilimu onse amene Berry anaonera, Giants inali isanachitepo zimenezi. Njira imene anagwirizana asanafole inali yopita kunja, ndipo tsopano inali yotsekeka. Nthawi yokambirana panalibe. Koma malinga ndi Berry mwini, zaka ziwiri m'mbuyomo iye ndi Unitas anali atakambirana za chinthu chomwechi: linebacker akadzatuluka kudzaima pamaso pako, siya njira yakunja, munamize ngati ukupita kunja, n'kudulira mkati mmene iye wachokamo. Berry anayang'ana Unitas. Unitas anayang'ana Berry. Mpira utatuluka, Berry anadulira mkati, ndipo mpira unali ukubwera kale. Mayadi 25.

Pano m'pamene ndimaima nthawi zonse ndikamaganiza za masewerowa. Panalibe chizindikiro cha dzanja, panalibe mawu. Unitas akanaiwala, akanaponyera kunja kumene kunali Svare yekha, ndipo mpira ukanalandidwa, ukatswiri n'kutsala ku New York. Berry akanakayika n'kutsatira njira yoyamba, mpira ukanapita pakati popanda munthu. Aliyense anaika zonse pa chikhulupiriro chakuti mnzake akukumbukira kukambirana kumodzi kwa zaka ziwiri zapitazo, kumene sanakuyesepo pa masewero enieni. Anthu amati Unitas anali wolimba mtima, ndipo n'zoona. Koma kulimba mtima kwake kunali ndi pomwe kunatsamira.

Kenako Berry anawakhanso wa mayadi 15, atadziponya pansi. Kenako wa mayadi 22. Mipira itatu motsatizana, mayadi 62, yonse cha mkati pamene Giants inkalondera m'mbali, wotchi ikuyenda. Mpira unali pa mayadi 13 a Giants. Myhra anathamangira m'bwalo. Munthuyu anali atagoletsa ma field goal 4 okha mwa 10 chaka chonsecho, anali ataphonya kale tsiku lomwelo, ndipo anali wotopa chifukwa ankaseweranso ngati linebacker. Womugwirira mpira pansi anali George Shaw, yemwe uja analandidwa malo ndi Unitas. Kutatsala masekondi 7, mpira wa mayadi 20 unadutsa pakati pa mizati. 17 kwa 17.

Osewera ambiri sankadziwa chotsatira. Ena ankaganiza kuti zathera pomwepo, matimu alepherana mphamvu, ndalama azigawana. Lamulo la nthawi yowonjezera linalipo m'buku, koma linali lisanagwirepo ntchito pa masewero a ukatswiri. Silinali ngati la mpira wathu wamiyendo, loti mphindi 30 zithe kenako mapenate. Linkati woyamba kupeza pointi iliyonse ndiye katswiri, masewero n'kuthera pomwepo. Apolisi poopa kuti khamu lidzathamangira m'bwalo anaumiriza kuti Marchetti amulowetse m'chipinda chovalira, ndipo mapeto ake sanawaone ndi maso.

Giants inapambana pa ndalama yoponya m'mwamba n'kusankha kulandira. Amene analandira mpira, n'kuyamba waupulumutsa asanautolenso, anali mnyamata wosadziwika dzina lake Don Maynard. Maulendo atatu anawapatsa mayadi asanu ndi anayi. Conerly anagwetsedwa kutatsala yadi imodzi. Chandler anamenyanso, Colts n'kuyambira pa mayadi 20 a mbali yake.

Ulendo umenewu wa mayadi 80 ndi umene unaonetsa ubongo wa Unitas. Dick Modzelewski anamugwetsa kumbuyo, zinthu n'kufika pa ulendo wachitatu mayadi ofunika ali ochuluka. Unitas anazemba, anathawira kumanzere, anaona kuti womulondera Berry waterereka, ndipo m'malo moponya msanga anakodola Berry ndi dzanja kuti apitirire kutsogolo. Mayadi 21. Apa anali ataona zinthu ziwiri: Modzelewski ankalowa mwaphuma chifukwa anali atalawa kale, ndipo Huff anayamba kubwerera m'mbuyo kukathandiza kutseka Berry. Ndiye anasankha kuti Modzelewski amulekerere alowe, amutchingire m'mbali, Ameche adutse pakati pamene Huff wachokapo. Ameche anathamanga mayadi opitirira 20. Mipira yonse imene Berry anawakha ija ndi imene inatsegula msewu umenewo. Berry anawakhanso wina, mpira n'kufika pa mayadi 8.

Nthawi yomweyo makanema a m'nyumba za anthu m'dziko lonse anazima. Khamu pogwedeza bwalo linazula chingwe cha NBC, kampani ya kanema imene inkaulutsa masewerowo. Munthu wina anathamangira m'bwalo ngati woledzera apolisi akumuthamangitsa, masewero n'kuima kwa kanthawi. Zimanenedwa kuti anali wantchito wa NBC amene ankagula nthawi kuti chingwe chilumikizidwe. Chithunzi chitabwerera, Unitas anachita chimene aphunzitsi ambiri sakanalola. M'malo mongosunga mpira kuti Myhra amenye, anaponyera Jim Mutscheller kumanja, ndipo Mutscheller anatulukira kunja pa yadi imodzi. Atafunsidwa pambuyo pake ngati sanaope kulanditsa, yankho lake linali loti munthu ukamadziwa chimene ukuchita sulanditsa. Ena amakumva ngati kudzitama. Ine ndimakumva ngati mawu a mmisiri amene anaona pamene wotchinga aliyense waima asanatulutse mpira. Pa ulendo wotsatira, wa 13, Mutscheller ndi Moore anatchinga kumanja, mpata unatseguka waukulu, Ameche anaweramitsa mutu n'kulowa. Panali patatha mphindi 8 ndi masekondi 15 za nthawi yowonjezera.

Unitas anamaliza ndi mipira 26 yofika mwa 40, mayadi 349. Berry anawakha 12, mayadi 178, ndipo pa masewero a ukatswiri panalibe anawakha yoposa pamenepo mpaka mu 2014. Wosewera aliyense wa Colts analandira madola 4,718, wa Giants madola 3,111, ndalama zimene kwa ambiri zinali gawo lalikulu la malipiro a chaka. Anthu pafupifupi 30,000 anakawachingamira pabwalo la ndege ku Baltimore. Mwa osewera, aphunzitsi ndi akuluakulu a matimu amene anali nawo tsikulo, 17 anadzalowa mu Pro Football Hall of Fame, nyumba yolemekezera akatswiri opambana a mpirawu.

Koma nambala imene inasintha zinthu ndi ina: anthu pafupifupi 45 miliyoni anaonera pa kanema, ngakhale kuti mumzinda wa New York momwemo masewerowo sanaonetsedwe pofuna kuteteza malonda a matikiti. Linali Lamlungu la pakati pa Khirisimasi ndi chaka chatsopano, mabanja ali m'nyumba, ndipo nthawi yowonjezera inakankhira masewero kumadzulo pamene anthu ambiri amayatsa kanema. Anaona kuti mpirawu ndi kanema zinabadwira pamodzi: kuima pang'ono, kufola, kuphulika, kuimanso, woonera akupeza mpata woganiza chimene iye akanachita, wotsatsa malonda akupeza mpata wake. Berry ankakumbukira kuti anaona Bert Bell, mkulu wa ligi, misozi ili m'maso. Bell anali atavutika ndi ligiyi kuyambira nthawi imene matimu ankagwa chaka ndi chaka. Anamwalira mu Okutobala 1959 akuonera masewero ku Philadelphia, zipatso asanazione.

Zotsatira zinabwera mothamanga. Lamar Hunt, mwana wa mpondamatiki wa mafuta ku Texas, anali mmodzi mwa oonera. Atalephera kupeza timu mu NFL anayambitsa ligi yake, AFL, imene inayamba kusewera mu 1960. Chaka chomwecho Pete Rozelle anakhala mkulu wa NFL ali ndi zaka 33, ndipo anakopa eni matimu kuti agulitse ufulu wa kanema pamodzi n'kugawana ndalama mofanana. Nyumba ya malamulo ya America inavomereza zimenezi mu 1961, ndipo mgwirizano woyamba ndi kampani ya kanema ya CBS unali wa madola 4.65 miliyoni pachaka. Banja la Mara, eni ake a Giants, ndi limene likanapindula kwambiri pogulitsa lokha, koma linavomera kugawana, ndipo n'chifukwa chake katauni ngati Green Bay kali ndi timu yolimba mpaka lero. Mpikisano wa maligi awiriwa unabala Super Bowl, masewero amene ankakumanitsa akatswiri a NFL ndi a AFL. Pa Super Bowl yachitatu, mu Januwale 1969, New York Jets ya AFL inagonjetsa Colts 16 kwa 7. Mphunzitsi wa Jets anali Weeb Ewbank, ndipo mmodzi mwa owakha ake anali Don Maynard. Migwirizano ya kanema imene ligi inasaina mu 2021 ndi ya madola opitirira 100 biliyoni.

Nkhani imakonda kuthera pamenepo, pa ndalama ndi ulemerero. Ine sindikhutira nayo ikathera pomwepo, chifukwa anthu amene anaseweratu ali ndi mbali yawo.

Lenny Moore, amene mpira wake wa mayadi 11 unasunga moyo wa Colts ndipo kutchinga kwake kunatsegulira Ameche, anali wakuda. Chimodzimodzi Lipscomb, ndi Jim Parker amene anatsekereza Andy Robustelli tsiku lonse kuti Unitas apeze nthawi yoponya. Ku Westminster, m'chigawo cha Maryland, kumene Colts inkakonzekera ligi, anthu amenewa sankaloledwa kudya m'malesitilanti ambiri kapena kulowa m'nyumba ya kanema imene anzawo achizungu ankalowa. Moore wakhala akunena poyera kuti umodzi wa timuyo unkathera pachipata cha bwalo. Kungoyenda pang'ono kuchokera ku Baltimore, timu ya ku Washington inalibe wosewera wakuda ngakhale mmodzi mpaka 1962. Dziko limene linaimirira kuwachemerera Lamlungu lija linali lomwelo limene Lolemba linkawalozera khomo lakuseri. Lipscomb anamwalira mu 1963 ali ndi zaka 31.

Matupi nawo analipira. Ameche anasiya mpira itatha ligi ya 1960 chifukwa cha kuvulala kwa mtsempha wa chidendene. Gifford anagundidwa mutu koopsa mu 1960 moti chaka chotsatira sanasewere. Atamwalira mu 2015, banja lake linalengeza kuti madokotala anapeza mu ubongo wake matenda a CTE, amene amabwera chifukwa cha kugundidwa mutu mobwerezabwereza. Berry anapuma mu 1967 atawakha mipira 631, yochuluka kuposa wina aliyense pa nthawiyo, ndipo pambuyo pake monga mphunzitsi anafikitsa New England Patriots ku Super Bowl mu Januwale 1986.

Za Unitas ndi zimene zimandipweteka kwambiri. Anatenganso ukatswiri mu 1959 pogonjetsa Giants yomweyo 31 kwa 16, anaponya touchdown pa masewero 47 motsatizana, mbiri imene inakhala mpaka Drew Brees anaiphwanya mu 2012, ndipo anasewera mpaka 1973. Mu 1968 anavulala chigongono cha dzanja loponyera. Kuvulalako kunapitirira kumudya, ndipo m'zaka zake zomaliza dzanja lamanja lija, limene linapeza Berry katatu wotchi ikutha, silinkatha kugwira bwino foloko kapena cholembera. Mawondo onse awiri anali oikirira. Anapempha thandizo la olumala ku thumba la osewera akale a ligi, ndipo pempho lake linakanidwa. Analankhula poyera za nkhaniyi, osati za iye yekha koma za anzake a m'badwo wake amene penshoni yawo inali yochepa kwambiri poyerekeza ndi chuma chimene anayambitsa.

Timu yakenso inamuchokera. Usiku wina mu Malichi 1984, mwini wake wa Colts, Robert Irsay, anapakiza katundu yense wa timu m'malole n'kusamukira ku Indianapolis anthu a ku Baltimore ali m'tulo. Dzina ndi mtundu wa yunifomu zinapita nawo. Unitas anakana kukhala mbali ya timu ya ku Indianapolis, ankati iye anasewerera Baltimore. Mzindawu utapezanso timu mu 1996, Baltimore Ravens, ankapezeka m'mbali mwa bwalo pa masewero a pakhomo, ndipo nkhope yake ikaonekera pa sikirini yaikulu anthu ankaimirira. Anamwalira ndi matenda a mtima pa 11 Seputembala 2002 ali ndi zaka 69, ndipo patangopita milungu yochepa chipilala chake chinaimikidwa kunja kwa bwalo la Ravens.